Koleji ya Bunda: Mmene Ulimi Unalowera m'Yunivesite

 Nkhani yathu ya lero ndi ya sukulu yaikulu ya ulimi imene ili kumwera kwa mzinda wanu, patsinde pa phiri la Bunda. Ambiri a inu mumaidziwa ndi dzina lokha. Mumamva anyamata oitanira minibasi ku depoti alikufuula za ku Mitundu ndi ku Bunda, kapena mwana wa mnansi wanu anapita kumeneko, koma mbiri yake simunaimve bwino.

Pali funso limene limamveka m'makomo a m'tauni nthawi imene maina a ana osankhidwa kupita ku yunivesite atuluka. Bambo amene mwana wake wasankhidwira ku Bunda nthawi zina amakondwa ndi theka la mtima, nanena kuti, "Ine ndinathawa khasu kumudzi, tsono mwana wanga akaphunzire khasu lomwelo? Kodi kulima n'kofunikanso digiri?" Funso limeneli si lachilendo, ndipo kuti tiliyankhe bwino tiyenera kubwerera m'mbuyo, ku zaka zimene sukuluyi inali isanamangidwe.

Pa nthawi ya ulamuliro wa Angerezi, dziko lino, limene linali kutchedwa Nyasaland, linalibe yunivesite. Ngakhale sukulu za sekondale zinachedwa: ya ku Blantyre inatsegulidwa mu 1940, ya ku Zomba mu 1942, ndipo ya boma ku Dedza mu 1951. Mnyamata wanzeru wofuna digiri anayenera kupita kutali, ku Fort Hare ku South Africa, ku Makerere ku Uganda, kapena ku Salisbury, kumene koleji ya Chitaganya inayamba kuphunzitsa mu 1957. Opita kumeneko anali owerengeka, ndipo ambiri a iwo anali kufuna uphunzitsi, udokotala kapena malamulo.

Koma chuma cha dziko chinali m'nthaka. Kuno ku chigwa cha Lilongwe, fodya wa chikopa anafala m'zaka za m'ma 1920, atalimbikitsidwa ndi Mzungu wina, A. F. Barron, amene anali ndi esiteti ku Mbabzi, ndipo mu 1926 boma linakhazikitsa bungwe loyang'anira fodya wa alimi a m'midzi. Anthu anali kulima, koma oganiza za mbewu, za mtengo ndi za malamulo anali ena. Nkhondo yachiwiri itatha, boma linada nkhawa ndi kukokoloka kwa nthaka, ndipo njala yoopsa ya 1949 inawonjezera nkhawayo. Bwanamkubwa Geoffrey Colby, amene anafika mu 1948, analimbitsa malamulo a malimidwe. Munthu analamulidwa kupanga mizere yopingasa ndi malo otsetsereka, kukumba migula, kusosa msanga, ndi kuzula mapesi a fodya ndi thonje pofika tsiku loikika. Wolephera anali kulipitsidwa kapena kumangidwa, ndipo ena mbewu zawo zinazulidwa m'munda iwo alikuona.

Agogo anu amene anaona zimenezi angakuuzeni mmene mawu akuti "malimidwe" anali kuwawira m'khutu. Mu 1953, Inkosi Philip Gomani ya ku Ntcheu inauza anthu ake kuti aleke kumvera malamulo a ulimi, posonyeza kukana Chitaganya, ndipo boma linaichotsa pa ufumu. Tsono apa tinene chilungamo: zambiri zimene alangizi a nthawi imeneyo anali kunena zinali zoona. Mzere wopingasa umasungadi madzi, ndipo lero palibe amene amatsutsa. Cholakwika chinali chakuti nzeruyo inabwera ndi chikwapu, yosafotokozedwa, kuchokera kwa anthu amene sanali kudya nsima ya m'mundamo. Anthu akuda ogwira ntchito ya ulimi m'boma anali makapitawo ndi alangizi aang'ono. Ena anaphunzira ku sukulu ya Colby ku Chitedze, imene inatsegulidwa m'zaka za m'ma 1950, nalandira satifiketi; koma ntchito yawo inali kufikitsa lamulo kumudzi, osati kufufuza ngati lamulolo lili loyenera nthaka ya kumeneko.

Chipani cha Malawi Congress chitapambana masankho a mu 1961, Dr. H. Kamuzu Banda anadzitengera yekha unduna woyang'anira za ulimi ndi zachilengedwe, ndipo kumanga anthu chifukwa cha mizere kunatha. Pamenepo panabuka vuto lina. Munthu amene sulikumukakamiza uyenera kumukopa, ndipo kuti umukope uyenera kudziwa chimene ulikunena kuposa iye, ndi kuchinena m'chinenero chake. Anthu otere dziko linalibe okwanira, ndipo Azungu ambiri a m'dipatimenti ya ulimi anali kukonzeka kubwerera kwawo. Ichi ndicho chifukwa chenicheni chimene Bunda inamangidwira.

Mu 1963 kunabwera akatswiri a maphunziro otumidwa kuchokera ku America, nayendera dziko, nalangiza kuti pakhale yunivesite. Lamulo lokhazikitsa Yunivesite ya Malawi linapangidwa mu October 1964, patangopita miyezi itatu dziko litalandira ufulu, ndipo maphunziro anayamba pa 29 September 1965 ku Chichiri mu Blantyre ndi ophunzira 90. Mkulu woyendetsa yunivesite woyamba anali Dr. Ian Michael. Koleji ya Bunda inamangidwa ndi thandizo la ndalama za boma la America, ndipo ena mwa aphunzitsi oyamba anachokera ku Yunivesite ya Massachusetts. Inayamba ntchito mu 1966, ndipo mu 1967 inalowa pansi pa Yunivesite ya Malawi pamodzi ndi Polytechnic, koleji ya aphunzitsi ya Soche Hill ndi sukulu ya antchito a boma ya ku Mpemba. Makoleji ena onsewo anali ku chigawo cha kumwera. Bunda yokha ndiyo inali m'chigawo cha pakati, kufikira pamene koleji ya anamwino ya Kamuzu inatsegulidwa mu Lilongwe mu 1979.

Malo ake anasankhidwa mwanzeru. Sukulu ya ulimi siingakhale pakati pa tauni, pakuti imafuna minda, madambo, msipu ndi nkhalango. Mukachoka m'tauni ndi msewu wopita ku Dedza, nimukhotera kudzanja lamanja pa mphambano imene aliyense amaitcha ya Bunda, mumayenda mpaka mutakwanitsa makilomita pafupifupi 30 kuchokera mumzinda, ndipo phiri la mwala limaoneka patsogolo panu litaima lokha pachigwa. Phiri limeneli linali lodziwika kale sukulu isanabwere. Achewa akale anali ndi kachisi kumeneko, kumene anali kuthira nsembe popempha mvula, ndipo mpaka lero anthu a mipingo amakwera pamwamba pake kukapemphera. Kotero malo amene makolo anali kupitako mvula ikavuta ndi omwewo amene adzukulu awo alikuyezerako mvula ndi kuphunzira ulimi wothirira.

Zaka zimenezo Lilongwe anali kusintha mofulumira. Mu 1968 kunayamba chitukuko chachikulu cha ulimi m'midzi yozungulira, cholipiridwa ndi Banki Yaikulu ya Dziko Lonse, chimene chinalambula misewu, kukumba zitsime, kumanga misika ndi kubwereketsa feteleza. Chaka chomwecho kunakhazikitsidwa bungwe lomanga likulu latsopano, ndipo mu 1975 likulu la dziko linasamuka ku Zomba kubwera kuno. Malokeshoni ambiri amene mulikukhalamo anakula m'zaka zimenezo, anthu atabwera kudzafuna ntchito. Mzinda wokula umafuna chimanga, nyemba, mkaka ndi mazira, ndipo achinyamata oyamba otuluka ku Bunda anapeza ntchito ilikuwadikira.

Poyamba ophunzira anali kukhala zaka zitatu nalandira dipuloma. Maphunziro a digiri anabwera pambuyo pake. Anali ochepa, mazana owerengeka okha, ndipo atsikana anali ochepa koposa. Wosankhidwa sanali kuda nkhawa ndi za m'mimba. Boma linali kumupatsa chipinda chogona, chakudya katatu pa tsiku m'holo yodyera, ndi kandalama ka sopo. Koma musaganize kuti unali moyo wa pampando. Wophunzira anali kudzuka mbandakucha kukakama ng'ombe, kusesa m'khola la nkhumba, kuyendetsa thalakitala, ndi kusamala kamunda kake kamene aphunzitsi anali kukayendera ndi kupatsa malikisi monga amachitira ndi mayeso olemba. Anyamata ena amene anabwera ndi maganizo akuti yunivesite ndi tayi ndi jekete anadabwa atapatsidwa nsapato za jombo. Malamulo a dziko a nthawi imeneyo anali kufikanso pasukulu: kuyambira 1973 mpaka 1993 mtsikana sanali kuloledwa kuvala buluku poyera, ndipo mnyamata sanali kuloledwa kuweta tsitsi lalitali. Za ndale anthu anali kunong'ona.

Otsiriza maphunziro anali kulowa mu Unduna wa Zamalimidwe, ku malo ofufuzira za mbewu monga Chitedze ndi Bvumbwe, ku ADMARC, imene inayamba mu 1971, kapena m'maesiteti a fodya. Apa pali mawu amene ayenera kunenedwa. M'zaka za m'ma 1970 ndi 1980, phindu lalikulu la ulimi linali kumaesiteti, pakuti mlimi wa kumudzi sanali kuloledwa kulima fodya wa bale kufikira cha m'ma 1990. Kotero gawo lina la nzeru za ku Bunda linathandiza eni maesiteti koposa mayi wa khasu limodzi amene sukuluyo inamangidwira. Mlandu umenewo si wa aphunzitsi ayi, koma wa malamulo a malonda a nthawiyo.

Komabe ilipo ntchito imodzi imene inafika m'mbale ya munthu aliyense, ndipo ndifuna tikhalitsepo pang'ono. Ndi ntchito ya nyemba. Amayi a ku Chilinde, mukapita kumsika kukagula nyemba, mumasankha ndi maso: izi zimapsa msanga, izi zili ndi msuzi wabwino, izi zimatha makala. Akatswiri a ku Bunda anayamba ndi nzeru yomweyo. Anayenda m'midzi kusonkhanitsa mitundu ya nyemba imene alimi anali kusunga, napeza kuti mayi mmodzi amadzala mitundu yambiri yosakaniza m'munda umodzi. Mlendo akanati kumeneko ndi kusadziwa. Koma pofufuza, pamodzi ndi anzawo a ku Yunivesite ya Michigan State kuyambira m'zaka za m'ma 1980, anaona kuti kusakanizako kuli ndi chifukwa: matenda akagwira mtundu umodzi wina umapulumuka, mvula ikadula msanga mtundu wocha msanga umadyetsa banja. Kuchokera m'ntchito ya nyemba ya pa Bunda munatuluka mbewu za maina a kwathu konkuno, monga Nasaka ndi Sapelekedwa, ndipo pambuyo pake Kalima ndi Bunda 93. Onani kusiyana kwake ndi masiku a malimidwe. Kale wophunzira anali kubwera kumudzi ndi lamulo. Tsopano anabwera ndi funso, nabwerera ku sukulu ndi nyemba za agogo m'thumba.

Zimene mungaone mutapita kukacheza ndi zambiri. Pali zipinda zophunziriramo, nyumba ya mabuku, ndi malabotale oyezera nthaka, mbewu, zakudya ndi matenda a ziweto. Pali famu yaikulu ya ng'ombe za mkaka, nkhumba, mbuzi ndi nkhuku, ndi malo okonzera makina. Pali nkhalango ndi nazale ya mitengo. Palinso maiwe a nsomba, mmene amaweta makumba, chilunguni ndi milamba, pofuna kupeza njira yoti nsomba zikule msanga ndi chakudya chimene mlimi angathe kuchipeza. Ntchito ya nsombayi inathandizidwa ndi boma la Japan, ndipo mu 2016 Banki Yaikulu ya Dziko Lonse inasankha Bunda kukhala malo ophunzitsira akatswiri a nsomba ochokera m'maiko a kuno kum'mawa ndi kumwera kwa Africa. Inu amene mumadandaula ndi mtengo wa chambo mudziwe kuti nyanja yokha siingathenso kudyetsa anthu onse amene tilipo. Pa minda yomweyi ndi pamene anayesera, mu 2013, thonje losinthidwa mwa sayansi kuti lizidziteteza ku mbozi, m'munda wotchingidwa ndi mpanda, boma lisanalole alimi kulidzala.

Ntchito yosintha dzina la sukuluyi inayamba m'zaka za Pulezidenti Bingu wa Mutharika. Nyumba ya Malamulo inapanga lamulo mu 2011 lochotsa Bunda pansi pa Yunivesite ya Malawi, ndipo pa 1 July 2012 inayamba kuima payokha ndi dzina lakuti Lilongwe University of Agriculture and Natural Resources, mwachidule LUANAR. Mkulu wake woyamba anali Pulofesa George Kanyama-Phiri. Mu 2014 inalandira koleji ya Natural Resources, imene anthu amangoti NRC, ya kufupi ndi msewu wa ku Mchinji, yomangidwa ndi thandizo la dziko la Canada ndi kutsegulidwa mu 1986 kuti ipitirize ntchito yophunzitsa alangizi. Inatsegulanso makalasi m'tauni momwemuno, ndi maphunziro a anthu ophunzira ali kwawo. Makoleji ena a yunivesite yakale anadzapatukana mu 2021. Bunda ndiyo inatsogola. Koma anthu sanaleke kunena kuti "ali ku Bunda," ndipo sindikhulupirira kuti adzaleka.

Chinthu chachikulu chimene yunivesite yatsopanoyi inabweretsa ndi sukulu ya madokotala a ziweto. Kwa zaka zoposa 50 dziko la alimi linali kutumiza ana ake kunja kuti akaphunzire kuchiza ng'ombe, ndipo madokotala otere anali ochepa zedi. Oyamba ophunzitsidwa m'dziko muno anatsiriza mu 2019. Musati nkhani imeneyi ndi ya kumudzi kokha. Nkhuku zanu za kuseri kwa nyumba zikagwidwa ndi chitopa, kapena galu wachiwewe akaluma mwana panjira ya kusukulu, kapena mukagula nyama pa butchala osadziwa ngati inayezedwa, ntchito ya dokotala wa ziweto yafika pakhomo panu.

Tsono makolo, moyo wa wophunzira wa lero muumvetse bwino, pakuti ndi wosiyana ndi wa kale uja. Ophunzira tsopano ali zikwi zingapo, ndipo atsikana achuluka, zimene zili zokondweretsa. Koma nyumba zogona za pasukulu sizinachuluke mofanana ndi anthu. Ambiri amachita lendi m'midzi ndi m'malo a malonda ozungulira sukulu, awiri kapena atatu m'chipinda chimodzi, naphika okha pa mbaula kapena kugula nsima kwa amayi ophika pafupi ndi geti. Chakudya chaulere ndi kandalama ka boma zinatha. Mu 2015 boma linakhazikitsa bungwe lobwereketsa ndalama kwa ophunzira osowa, ndipo mwana wa banja losauka angathe kupempha ngongole ya fizi ndi ya zofunika zina. Imeneyi ndi ngongole ndithu, yoyenera kubwezedwa munthu akayamba kupeza ndalama, kuti ang'ono ake adzabwerekenso. Ndipo si onse opempha amene amalandira. Inu a ku Chilinde muli ndi mwayi umene mwana wochokera ku Chitipa kapena ku Nsanje alibe, pakuti thumba la ufa lochokera kwanu lingafike kwa mwana wanu tsiku lomwelo. Koma kuti mwana azigona kunyumba ndi kukwera minibasi ziwiri m'mawa uliwonse, ndalama yake ndi nthawi yake zimaposa lendi.

Pasukulu pali bungwe la ophunzira losankhidwa ndi iwo eni, magulu a mapemphero a mipingo yosiyanasiyana, mpira wa miyendo ndi wa manja, ndi zisangalalo za Loweruka zimene makolo samauzidwa zonse. Nthawi zina pamakhala kusamvana pa za fizi kapena ngongole zochedwa, makalasi naima. Asanatsirize, wophunzira amatumizidwa kukagwira ntchito miyezi ingapo ku famu, ku kampani kapena ku ofesi ya zaulimi, ndipo chaka chomaliza amachita kafukufuku wake ndi kulemba zimene wapeza.

Bambo uja wofunsa za khasu adziwe kuti maphunziro a kumeneko ndi a mitundu yambiri. Ena amaphunzira za mbewu ndi nthaka, ena uinjiniya wa makina ndi wa ulimi wothirira, ena za chuma ndi malonda a zokolola, ena za nkhalango ndi chilengedwe, ena za kadyedwe koyenera ndi kukonza zakudya m'mafakitale. Amene amayeza chiponde kuti aone ngati mtedza wake unali ndi chuku, amene amalangiza amayi ku sikelo za chakudya cha mwana wonyentchera, amene amawerengera banki ngati mlimi ayenera kubwerekedwa ndalama, ambiri a iwo anadutsa ku Bunda. Sitinama kuti ntchito zilikudikira monga kale. Boma sililemba onse, ngakhale kuti m'madera ambiri mlangizi mmodzi amayang'anira mabanja oposa 1,000, ndipo alipo a digiri amene alikukhala pakhomo. Ena a iwo ayamba kuweta nkhuku, kugulitsa mbande ndi mbewu, kapena kulima tomato ndi kabichi m'madimba a kunja kwa mzinda, ndipo pa ntchito zotere digiri ya ulimi ili ndi pogwira.

Mwana wa m'tauni amene sanagwirepo khasu asaope, pakuti polowa safunsa ngati munthu ali ndi munda. Chimene amafunsa ndi satifiketi ya Fomu 4 yokhala ndi makirediti asanu ndi limodzi, Chingerezi chili pomwepo, ndipo pa maphunziro ambiri amayang'ana masamu, bayoloje ndi maphunziro ena a sayansi. Apa ndi pamene ana ambiri a m'sukulu zoyendera za m'malokeshoni amagwera, chifukwa amasiya sayansi ali Fomu 3 poiopa, nadzazindikira mochedwa kuti adzitsekera okha khomo. Kusankha ana opita ku mayunivesite a boma kumayendetsedwa ndi bungwe loona za maphunziro apamwamba, limene limalengeza nthawi yofunsira malo m'nyuzipepala, pa wailesi ndi pa intaneti, ndipo mwana amalemba maphunziro amene alikufuna motsatana, loyamba limene alikulifunitsitsa. Digiri zambiri ndi za zaka zinayi, udokotala wa ziweto umatenga zaka zochulukirapo, ndipo amene sanapeze malo a digiri angathe kuyamba ndi dipuloma ku NRC, nadzapitiriza ku Bunda pambuyo pake.